Pa ma elliptical atatuwa ndigule iti? Mawondo akundivuta, ndalama ndi zowerengeka

"Zikomo akochi. Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ya muofesi. Msinkhu wanga ndi mamita 1.66, sikelo ikuti makilogalamu 94. Adokotala anandiuza kuti ndichepetseko thupi chifukwa mawondo ayamba kutha, koma ndikayesa kuthamanga, mawa lake masitepe ndimakwera chogwira khoma. M'mawa ndimanyamuka kusanache, madzulo ndimafika kutada, ndiye zoyenda mumsewu zinandikanika. Ndaganiza zogula elliptical ya pakhomo. Bambo akunyumba nawonso akuti azikwera. Iwo ndi aatali, mamita 1.83, amalemera makilogalamu 108, ndipo amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Ndapeza zitatu. Yoyamba ndi yatsopano, yaing'ono, ya chigudumu cha fani kutsogolo ndi kampando, akugulitsa pa Facebook motchipa kwambiri. Yachiwiri ndi yatsopanonso, ya maginito, ili ndi sikirini yokongola ndi mapulogalamu 24. Achimwene anga ali ku Johannesburg akuti angandigulire n'kutumiza ndi matransipota, mtengo wake ndi katatu wa yoyambayo. Yachitatu ndi ya Precor yomwe jimu ina ikugulitsa, yakale koma akuti ikugwira, mtengo wake ukufanana ndi wa yachiwiri. Nditenge iti? Ndikuopa kutaya ndalama pa chinthu chodzangoyanikapo zovala."

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Pa makina onse omwe munthu wa mawondo odandaula angaike m'nyumba, elliptical, makina opalasa choimirira aja, ili m'gulu la oyenera, ndiye simunasokere. Mantha anu a ndalama nawonso ndi omveka. M'nyumba zambiri zomwe ndaitanidwa kukaphunzitsa anthu kapena kukaona makina ongokhala, vuto silinali ulesi wa mwini wake ayi. Makinawo ndiwo anali osakwereka. Munthu akakwera chinthu chogwedera, cholira, chomupweteka mawondo, pakatha milungu ingapo amachisiya, n'kuyamba kudziimba mlandu kuti alibe khama.

Kuti musatope ndi kudikira, yankho ndi ili. Yoyamba ija isiyeni. Pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, mtima wanga uli pa Precor yakaleyo, koma pokhapokha mutakaikwera nokha, abambo n'kuikweranso, ndipo itapambana mayeso omwe ndifotokoze kutsogoloku. Chomwe munthu amagula pa elliptical ndi chitsulo chake ndi kayendedwe ka phazi. Sikirini ndi timagetsi tothwanima ndi zongokometsera.

Mukamathamanga pamakhala kanthawi komwe mapazi onse awiri ali m'malere, ndipo potera, phazi limodzi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu. Pa makilogalamu 94, werengani nokha zomwe bondo likusenza nthawi iliyonse mwaponda. Pa elliptical phazi silichoka pa chopondera. Limangoyenda mozungulira, njira yake yotalika cham'litali, ndiye mtima ndi mapapo zimagwira ntchito ngati mukuthamanga koma kudzigunda pansi kuja kulibe. Kampani ya ku America ya Precor ndiyo inatulutsa makina oyamba a mtunduwu mu 1995, ndipo cholinga chake chinali chomwechi.

Komabe si bondo lililonse lomwe limagwirizana nayo. Pa elliptical bondo limakhala lopindika nthawi yonse, kuposa mmene limapindikira poyenda, ndiye anthu ena omwe ululu wawo uli kutsogolo, kuseri kwa kafupa ka pamwamba pa bondo, amaumva kwambiri. Zimenezi simungazidziwe poonera kavidiyo pafoni. Musanatulutse khobidi lililonse, lipirani jimu masiku atatu kapena anayi, Loweruka ngakhale Lamlungu, mukwere mphindi 10 mpaka 15 mosalimbitsa, kenako mumve kuti bondo ladzuka bwanji mawa lake. Ndalama ya masiku ochepawo ndi yaing'ono poyerekeza ndi yomwe mukufuna kuika pa makinawa.

Funso loyamba kwa wogulitsa aliyense likhale la kutalika kwa sitepe, kutanthauza mtunda womwe phazi limayenda kuchokera pomwe lathera kumbuyo kukafika pomwe lathera kutsogolo. Pamakatoni amalemba kuti stride length, kawirikawiri mu mainchesi. Timakina ta chigudumu cha fani timathera pa masentimita 28 mpaka 33. Pa sitepe yaifupi choncho phazi limangokwera ndi kutsika mobulungira, ngati mukupalasa njinga choimirira, ndipo bondo limapindika kwambiri pa kuzungulira kulikonse. Ndiye kuti mwagula chomwe mumathawa chija. Inu pa msinkhu wanu mukufunika masentimita 41 mpaka 46. Abambo akufunika 48 mpaka 51, omwe ndi mainchesi 19 kapena 20. Makina a anthu awiri timayezera wamtaliyo, chifukwa inu mungazolowere sitepe ya 51 popanda vuto, pomwe iwo pa sitepe yaifupi azingodumphadumpha, mawondo akugunda chitsulo chakutsogolo.

Ogulitsa ambiri a pa Facebook mukawafunsa zimenezi amangoti "ndi yabwino, madam, ndi yochokera kunja." Tengani tepi ndi choko. Kankhirani chopondera kumbuyo mpaka chithere, lembani pansi moyang'anana ndi nsonga yake, chikankhireni kutsogolo mpaka chithere, lembaninso, n'kuyeza pakatipo. Tepi ikadali m'manja, yezaninso mpata wa pakati pa zopondera ziwirizo. Munthu poyenda mapazi ake amadutsana moyandikana, ndiye mpata wa masentimita 5 mpaka 10 ndiwo wabwino. Ukapyola 15 mumapalasa motangadza, ndipo pakatha mphindi 20 chiuno ndi mkati mwa bondo zimayamba kudandaula.

Pa nkhani ya kulemera pali manambala awiri. Ina ndi ya munthu yemwe makinawo anganyamule. Timakina totchipa amalemba makilogalamu 100 kapena 110, ndipo abambo ali pa 108. Chitsulo chogwira ntchito m'mphepete mwa malire ake tsiku ndi tsiku sichikhalitsa, choncho funani chomwe chalembedwa 130 kapena kupyola. Koma nambala imeneyi amalemba ndi ogulitsa, ndipo ena amangoikweza. Yomwe sinama ndi kulemera kwa makina enieniwo. Kachinthu ka makilogalamu 25 kapena 30, komwe inu mungakanyamule nokha kupita nako kuchipinda, sikangakhazikike pansi pa bambo wa makilogalamu 108 yemwe akukankha ndi manja ndi miyendo yomwe. Elliptical ya pakhomo yodalirika imayambira cha pa makilogalamu 55 kapena 60. Za m'majimu zimafika 140 ndi kupyola. Auzeni achimwene anu awerenge pakatoni pomwe palembedwa net weight, akutumizireni chithunzi.

Akadali pomwepo, aonenso kachikwangwani ka pa chitsulo chapansi. Makina opangidwa motsatira malamulo amalembapo EN ISO 20957, kapena EN 957 ngati ndi akale, kutsatizana ndi zilembo ziwiri. H ndi ya pakhomo, S ndi ya m'jimu yokweredwa tsiku lonse. Chilembo chachiwiri, A, B kapena C, chimanena za kulondola kwa mulingo wa kulimba kwa popalasa, A ndiye wapamwamba. HC ndi yapansi kwenikweni, HB kapena HA ndi yabwinopo. Chigudumu cholemera cha mkati, chomwe chimachititsa kuti kupalasa kuziyenda myaa, chikhale cha makilogalamu 8 kupita m'mwamba, ngakhale apa chenjerani chifukwa ena amaphatikiza zitsulo zonse zozungulira n'kulemba nambala yaikulu. Mapazi ndiwo amanena zoona: mukapalasa pang'onopang'ono, pasakhale pomwe chopondera chikukakamira kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Afunsenso ngati molumikizira mikono ndi zopondera muli mabering'i kapena timapulasitiki chabe. Timapulasitiki timatha msanga ndipo ndito timayambitsa kugwedera.

Za kulimba kwa popalasa zikukhudzana ndi magetsi, ndiye apa ndikhalitsepo. Yoyamba ija imalimbitsidwa ndi kalamba ka nsalu kokhula chigudumu. Kamatentha, kamapereseka, kamatha, ndipo tcheni chake chimadzutsa nyumba yonse mukakwera 5 koloko m'mawa. Pa za maginito palibe chokhulana. Maginito amangoyandikira chigudumu kapena kutalikira, ndiye palibe chotha ndipo phokoso ndi lochepa. Koma zilipo za mitundu iwiri. Zina mumapotokola ndi dzanja, waya n'kukoka maginitowo, milingo yake imakhala 8, ndipo kasikirini kake kamayendera mabatire ang'onoang'ono. Zimenezi magetsi azime asazime, inu mukupalasa. Zina zili ndi kamota kosuntha maginito, kodalira adaputa ya pakhoma, ndipo ya mapulogalamu 24 ija mosakayika ndi ya mtunduwu. Magetsi akazima zopondera zimayendabe, koma sikirini imafa ndipo kulimba kumaima pomwe kunali. Sizidya magetsi ambiri, ngati muli ndi sola kapena inveta zimatheka bwinobwino. Choopsa chenicheni ndi nthawi yomwe magetsi akubwerera mwamphamvu, chifukwa ndi pomwe kabolodi ka mkati kamapsa, ndipo kakapsa makina onse asanduka chitsulo. Zulani pulagi mukamaliza. Za m'majimu zambiri, kuphatikizapo ma Precor ambiri, zili ndi jenereta yakeyake mkati, moti mukayamba kupalasa sikirini imayaka yokha. Kwa munthu wofuna kukwera m'bandakucha m'dera lozimazima magetsi, chimenechi chokha ndi chifukwa chachikulu choikondera.

Sikirini yokongola ija isakutengeni mtima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa makina a mtengo wapakati, ndalama yomwe yapita ku sikirini yachotsedwa ku chitsulo ndi mabering'i. Mapulogalamu 24 amenewo, anthu omwe ndawaphunzitsa amagwiritsa ntchito awiri basi, wongoyamba kupalasa ndi wokwera n'kutsika. Nambala ya makalori imakonda kukokomeza, ndipo tizitsulo togwira ndi manja toyeza kugunda kwa mtima timasokonekera manja akanyowa thukuta. Onetsetsaninso kuti makinawo sakudalira malipiro a pamwezi. Ma NordicTrack ndi ma ProForm a sikirini yaikulu, mwachitsanzo, amayendera pulogalamu ya iFIT yomwe imafuna intaneti ndi kulipira mwezi ndi mwezi pa khadi ya ku banki. Ndi makina abwino kwa yemwe ali ndi zimenezo, koma kwa inu ndi bilu yowonjezera. Chomwe mukufuna pa sikirini ndi nthawi, mulingo wa kulimba ndi liwiro, ndi poika foni kuti muzimvera nyimbo.

Ya ku Joni sindikuikana. Kumeneko kuli posankha pambiri, ma Trojan amapezeka ku Game ndi ku Makro, ma Domyos ku Decathlon, ndipo magetsi awo ndi a mavoti 230 ngati athu, mungosintha pulagi. Koma werengani mtengo wonse, osati wa pashelefu wokha. Muonjezepo ya matransipota, omwe amawerengera kukula ndi kulemera kwa katoni, ndi msonkho wa pachipata. Katoni ya makilogalamu 70 idutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete isanafike ku Dedza kapena ku Mwanza, pamwamba pake atasanjikiza katundu wina, ndipo zomwe zimafika zosweka ndi zovindikira zapulasitiki ndi sikirini. Waranti nayo imatsala komweko. Pepala likhoza kunena chaka chimodzi kapena ziwiri, koma mota ikafa mwezi wachinayi, palibe amene adzakwere basi kubwera ku Lilongwe kudzakonza. Mukasankha njira imeneyi, achimwene anu akwere yomwe yaikidwa poonetsera m'sitolo, makamaka ngati ali amsinkhu ngati abambo. Itumizidwe ili m'katoni yake yosatsegula, buku ndi kathumba ka mabawuti zili momwemo, ndipo ngati sitoloyo imagulitsa adaputa, lamba ndi timagudumu tapadera, agulirenitu nthawi yomweyo.

Tsopano Precor. Makina a m'jimu anapangidwa kuti azikweredwa ndi anthu osiyanasiyana kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndiye pakhomo pa anthu awiri amakhala ngati akupuma. Zipangizo zake, monganso za Life Fitness, Matrix ndi Technogym, zimapezeka chifukwa majimu ndi mahotela a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito makina omwewo. Koma jimu sigulitsa makina popanda chifukwa, ndiye muyenera kudziwa ngati akungosintha n'kuika atsopano kapena akutaya vuto.

Pitani nonse awiri mutavala nsapato zochitira masewera, ndipo musalole kuti akuonetseni mphindi imodzi n'kuyamba kukambirana mtengo. Aliyense akwere mphindi 10, chifukwa mabering'i ena otha amayamba kulira akatentha. Pemphani azimitse nyimbo, mutchere khutu. Kugogoda kwa kho, kho, kho pamalo amodzimodzi pa kuzungulira kulikonse ndi bering'i kapena bawuti yomasuka. Kukhuluza kosalekeza kumachokera ku timagudumu. Kulira kwa mluzu ndi lamba. Mukatsika, gwirani mkono umodzi wa makinawo muugwedeze cham'mbali, muterenso ndi chopondera chilichonse. Pasakhale kugwedera. Kenako gwadani muone timagudumu toyenda pa njanji yakutsogolo. Tikhale tobulungira, topanda ming'alu kapena mbali yophwatalala, ndipo mukayendetsa chala pa njanjiyo musamve ngalande yokumbika. Pa ma Precor ambiri njanji imeneyi imakwera ndi kutsika ndi mota, ndiye dinani batani ikwere mpaka pamwamba, itsike mpaka pansi, mubwerezenso. Kwezani kulimba kuchoka pa 1 mpaka pamapeto, ndipo kusintha kulikonse kumveke m'miyendo. Yang'anani dzimbiri pansi pa mtengo wonyamula sikirini, pomwe thukuta la anthu lakhala likudonthera zaka zonsezi, ndi m'malo onse owotcherera. Dzimbiri la pamwamba limapalika. Koma mukaona mng'alu kapena pomwe wina anawotchereranso pa chimango chachikulu, tsanzikani muzipita.

Makina amenewa amasunga chiwerengero cha maola omwe agwira ntchito, choncho pemphani akuonetseni pasikirini. Funsaninso amene amawakonzera, mutenge nambala yake. Ine ndikanakhala inu ndikanamulipira mmisiriyo kuti tipitire limodzi, chifukwa ndi yemweyo mudzamufune mawa. Zina mukazipeza ndi zongotsitsira mtengo: timagudumu, lamba, mabering'i, ndi batire yaing'ono ya mkati yomwe imafa makina akakhalitsa osakweredwa. Zina ndi zothawa: bolodi ya magetsi yakufa, jenereta yosagwira, chimango chosweka. Akakuuzani kuti "ndi kawaya chabe kamasuka, ndi zazing'ono," ayankheni kuti akonze kaye mudzabweranso. Ngati ili ya pulagi, werengani mavoti pa kachikwangwani, chifukwa zina zinachokera ku America ndipo ndi za 120. Mukaiika pakhoma pathu popanda thiransifoma, yapsa tsiku lomwelo.

Musanapite kukaona, yezani nyumba. Precor ya m'jimu imatalika pafupifupi mamita 2, m'lifupi masentimita 80, ndipo pakufunika mpata wokwerera ndi kutsikira. Yezani zitseko zomwe idzadutse. Pobwera nayo mufunika galimoto ya bodi ndi amuna anayi amphamvu. Chomwe ambiri amaiwala ndi siling'i. Chopondera chikafika pamwamba chimakweza munthu masentimita 40 mpaka 50 kuchoka pansi, ndiye kwa abambo ndi mamita 2.3, ndipo mukaonjezera mpata wa mutu mukufunika 2.5. Pasakhale fani kapena babu pamwamba pake. Pansi pakhale posalaza, muyalepo labala yokhuthala kuti matailosi asasweke. Pakhonde ayi. Fumbi la mu September ndi October limakanirira pa njanji n'kumadya timagudumu, ndipo chinyezi cha m'dzinja chimalowa m'bolodi. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, chipindacho chizitsekedwa, chifukwa mikono ya makinawa imapana zala.

Kusamala kwake n'kosavuta. Pukutani thukuta nthawi zonse mukatsika, njanji muzipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono sabata iliyonse, ndipo mabawuti muziwamanganso ndi sipanala pakatha mwezi woyamba ndi miyezi itatu iliyonse pambuyo pake. Girizi ndi wa molumikizira mokha, wa mtundu womwe buku lanena. Mafuta ophikira ndi oyilo wa galimoto, zomwe ndimazipeza m'nyumba zambiri, zimangokoka fumbi n'kupanga phala lomwe limadya chitsulo.

Makina akafika musawakwiyire. Sabata yoyamba mphindi 10 patsiku zakwana, masiku anayi kapena asanu, pa mulingo wopepuka. Muzionjezera mphindi ziwiri kapena zitatu pa sabata. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera a mphamvu yapakati, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 masiku asanu ndiye 150 imeneyo, ndipo mukafikapo m'miyezi iwiri mwachita bwino. Mphamvu yapakati mumaidziwa chonchi: mukupuma mwabefu koma mungathe kuyankha munthu chiganizo chonse, kungoti kuimba simungathe. Imani chilili, musatsamire zogwirira, ndipo chidendene chizikhala pansi pa chopondera. Anthu ambiri amachita dzanzi ku zala za kumapazi pakatha mphindi 15 chifukwa amaponda ndi nsonga za mapazi nthawi yonse. Masulaniko zingwe za nsapato, bwezerani kulemera ku chidendene, ndipo nthawi zina palasani chobwerera m'mbuyo mphindi imodzi. Masiku awiri a minofu aja musawadumphe, chifukwa minofu ya pantchafu ndiyo imateteza bondo, ndipo kudzuka pampando n'kukhalanso maulendo 10 katatu n'poyambira pabwino.

Kuwawa pang'ono komwe kumatha pofika mawa lake si koopsa. Koma bondo likatupa, likatentha, likamakanika kuwongoka ngati lakhoma, likamafooka mwadzidzidzi mukaponda, kapena ululu ukapitirira tsiku lonse lotsatira ndipo ukukula sabata ndi sabata, siyani mukaonane ndi adokotala. Ndingakondenso mutakumana ndi a mafizo ngakhale kamodzi musanayambe. Ku Kamuzu Central aliko, ndi m'zipatala zina zolipira. Iwo adzaona mbali ya bondo yomwe yatha n'kukuuzani mulingo wa njanji womwe ungakuyanjeni, popeza njanji yokwera kwambiri imapinditsa bondo mowonjezera.

Za abambo ndiye ndikufuna mumve bwino. Masewerawa awathandiza pa BP ndi pa shuga pomwe, koma asayambe asanauze adokotala awo, ndipo apite ndi mankhwala onse omwe amamwa. Ngati amabaya insulin kapena amamwa glibenclamide, shuga akhoza kutsika kwambiri ali pamakina kapena patatha maola angapo. Asakwere ndi njala, ayeze shuga asanakwere ndi atatsika masiku oyambirira, ndipo pafupi pazikhala maswiti kapena chakumwa cha shuga. Kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi kusokonekera mutu ndi zizindikiro zoti atsike adye chotsekemera pomwepo. Ngati pa mankhwala a BP pali atenolol kapena propranolol, mtima wawo suthamanga kwambiri ngakhale atatopa, ndiye asalimbane ndi nambala ya kugunda kwa mtima ya pasikirini, atsatire za kupuma ndi kuyankhula zija. BP ikafika 180 pa 110 tsikulo asakwere, apite kuchipatala. Azivala masokosi ndi nsapato zosathina, ndipo aziyang'ana mapazi akamaliza, chifukwa wodwala shuga akhoza kutuluka thuza osalimva. Pomaliza azichepetsa liwiro pang'onopang'ono mphindi zitatu, asangoima n'kudumpha, kuopa chizungulire. Kupweteka kapena kufinya pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, kubanika kopyola muyeso, mtima kudumphadumpha kapena kukomoka, zimenezo n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Izi zikukhudza inunso.

Za kuchepetsa thupi ndinene mosabisa, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Mphindi 30 pa elliptical zimawotcha makalori apakati pa 250 ndi 350 kwa munthu wa thupi ngati lanu. Botolo la chakumwa chotsekemera la 500 ml lili ndi pafupifupi 200, ndipo mandasi awiri pa tiyi wa shuga masupuni atatu abweza zonse zomwe mwawotcha. Makina okha sikelo saisuntha kwenikweni ngati mitanda ya nsima ndi mafuta a mundiwo zili momwemo. Cholimbikitsa n'chakuti simukufunika kutsika kwambiri kuti mumve kusintha. Kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapeputsidwa ndi pafupifupi makilogalamu 4 nthawi iliyonse mwaponda, ndiye makilogalamu 5 oyambirirawo masitepe a kuntchito adzakuuzani okha.

Zikachitika kuti Precor yalephera mayeso, ndipo ya ku Joni ili ndi sitepe yosafika masentimita 48 kapena yokha sikufika makilogalamu 55, musagule iliyonse mwa zitatuzi. Funani njinga ya m'nyumba ya maginito yokhala ndi mpando wotsamira, yomwe mumapalasa miyendo ili kutsogolo. Pa ndalama yomweyo mupeza njinga yolimba kuposa elliptical, chifukwa ili ndi molumikizira mochepa ndipo munthu amakhala pansi osaigwedeza. Siifuna siling'i yaitali, mawondo imawanyengerera kuposa elliptical, ndipo abambo akachita chizungulire ali kale pampando. Manja sagwira ntchito ndipo makalori amachepako pang'ono, koma zimenezo mumakwaniritsa poonjezera mphindi 10.